Loya wa nyumba ku England: wa pakona, wa pa intaneti, kapena amene ejenti wakulozerani?

Tsiku limene ejenti wogulitsa nyumba anaimba kuti mwini nyumba wavomera mtengo wathu, ndinali pa shifiti. Ndinathawira m'kachipinda kosungiramo mabulangete kuti ndiyankhe foniyo. Ndisanamalize n'kuthokoza komwe, mayi uja anafunsa kuti loya wanga ndi ndani, poti ankafuna dzina lake tsiku lomwelo kuti atumize mapepala ku mbali zonse ziwiri. Loya ndinalibe. Sindinkadziwanso kuti amafunika msanga chotero. Bambo anga malo awo a ku Mchinji anagula pansi pa mtengo wa mango, pali amfumu, mboni ziwiri ndi pepala long'amba m'kope, ndipo mpaka lero palibe amene anabwera kudzawasokoneza. Ine ndinakula ndikudziwa kuti loya ndi wa milandu.

Ejenti uja anati ndisade nkhawa, alipo loya amene amagwira naye ntchito. Ndinavomera pomwepo, mabulangete ali m'manja. Kumeneko kunali kuphonya kwanga koyamba. Choncho ndikulembera inu amene mwatopa ndi lendi ku Leeds, Manchester, Nottingham, Luton kapena Cardiff, kuti foni imeneyi ikamadzalira mudzakhale mutasankha kale.

Zimene ndikunenazi ndi za England ndi Wales. Abale a ku Glasgow ndi Edinburgh anu ndi malamulo ena: kumeneko loya ndi amene amapereka mtengo wanu kwa wogulitsa, mgwirizano umamangika kudzera m'makalata a pakati pa maloya otchedwa missives, ndipo msonkho wake ndi wina. Muziwerenga mosamala.

Ntchito imene mukumulipira

Amaitcha conveyancing, kutanthauza kusamutsa umwini wa nyumba mwalamulo. Loya wa wogula amawerenga mbiri ya nyumbayo ku HM Land Registry, ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo. Amaitanitsa ma search: ku khonsolo, kuti adziwe ngati msewu wa pakhomo ndi wa khonsolo komanso ngati chipinda chowonjezera chija chinamangidwa ndi chilolezo, ku kampani ya madzi, kuti aone pamene padutsa mapaipi a zonyansa, ndi wina wa kusefukira kwa madzi ndi dothi loipitsidwa. M'madera a migodi yakale ya malasha, monga Yorkshire, Nottinghamshire, Durham ndi kummwera kwa Wales, pamafunikanso search ya migodi, chifukwa pansi pa nyumba pakhoza kukhala mphako. Akatero amatumiza mafunso kwa loya wa wogulitsa, amasunga dipoziti yanu, amalandira ndalama za ngongole kuchokera ku banki, amapereka msonkho (ku England pasanathe masiku 14 mutalandira makiyi), n'kulembetsa dzina lanu m'kaundula.

Chofunika kuchigwira ndi ichi: kuno kuvomerezana mtengo sikumanga munthu aliyense. Mpaka tsiku limene maloya awiriwo adzasinthane makontrakiti, limene amati exchange, wogulitsa akhoza kutembenuka n'kugulitsa kwa wina amene wawonjezera £5,000, ndipo ndalama zanu za ma search ndi za wopima nyumba zapita basi. Kuchokera povomerezana mtengo kufika pa makiyi pamatenga miyezi itatu kapena inayi zinthu zikayenda bwino, nthawi zambiri kupitirira. Kalata ya banki yolonjeza ngongole nayo ili ndi tsiku lothera, kawirikawiri miyezi isanu ndi umodzi. Loya wogona pa fayilo, ndiye kuti, sakungokutopetsani. Akhoza kukuluzitsani nyumba.

Solicitor kapena licensed conveyancer?

Apa anthu amatayapo nthawi yambiri pachabe. Solicitor ndi loya wophunzira malamulo onse, ndipo amamuyang'anira a Solicitors Regulation Authority, mwachidule SRA. Licensed conveyancer ndi katswiri wa malamulo a nyumba ndi malo, ntchito imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1985 pofuna kuthetsa zoti ma solicitor okha ndiwo azigwira ntchitoyi. Amene amamuyang'anira ndi a Council for Licensed Conveyancers, CLC. Onse awiri amakakamizidwa kukhala ndi inshuwalansi yolipira kasitomala akalakwitsa, mabungwe onse awiri ali ndi thumba lobwezera anthu amene ndalama zawo zasowa m'manja mwa loya, ndipo madandaulo a onse amapita kwa Legal Ombudsman yemweyo. Pa nyumba wamba, palibe kusiyana kumene mungakuone.

Solicitor amaposa nkhani ikakhala ndi nthambi: banja likutha, nyumba ndi ya malemu, pali mkangano wa malire, kapena mukufuna kulemberatu wilo. Ofesi ya ma solicitor nthawi zambiri imakhala ndi anthu a zimenezi pakhomo lomwelo. Koma dziwaninso kuti m'makampani ambiri, a mtundu uliwonse, amene amagwira fayilo yanu tsiku ndi tsiku si mwini satifiketi ayi, ndi kalaliki woyang'aniridwa. Funso la phindu ndi lakuti fayilo yanga adzaigwira ndani, dzina lake, ndipo wagwira ntchitoyi zaka zingati.

Kampani yaikulu ya pa intaneti

Awa ndi amene amatulukira pamwamba mukafufuza mitengo. Ofesi yawo mwina ili kutali makilomita 300 ndipo simudzaipondamo. Zonse zimachitikira pa foni: kujambula pasipoti ndi nkhope yanu, kusayina, kuona pamene ntchito yafika. Kwa munthu wa mashifiti a usiku, amene ofesi ya m'tauni ikamatsegula iye akugona, ichi ndi chabwino ndithu, sindingachinyoze. Mtengo wawo ndi wotsikirapo, ambiri amalonjeza kuti kugula kukalephereka simulipira ntchito yawo, ndipo pafupifupi banki iliyonse yaikulu imawavomereza.

Kutchipako kumachokera kuti? Kumachokera pa kuchuluka kwa mafayilo pa munthu mmodzi. Ntchito yawo anaikonza ngati lamba wa pafakitale: fayilo yofanana ndi zinzake imayenda bwinobwino, koma imene ili ndi kachilendo kalikonse imagwera pambali n'kumadikira munthu wamkulu amene alibe nthawi. Vuto lathu Amalawi n'lakuti mafayilo athu kawirikawiri amakhala ndi kachilendo.

Loya amene ejenti anandipatsa anali wa mtundu umenewu. Pa dipoziti yathu, £6,000 inachokera ku chipereganyu: tinalipo anthu 12, aliyense £500 pamwezi, ndipo ine ndinasankha kulandira komaliza dala. Mu sitetimenti yanga munaoneka ndalama 11 zolowa sabata imodzi kuchokera kwa anthu 11 osiyana. Fomu yawo inali ndi mabokosi anayi okha: zosunga, mphatso, cholowa, kugulitsa katundu. Mtsikana woyamba anati ndi mphatso, choncho aliyense mwa anthu 11 aja atumize pasipoti, masitetimenti ndi kalata yoti sadzafuna gawo pa nyumba. Tangoganizani kupempha amayi a mvano kuti atumize masitetimenti awo a ku banki kwa anthu osawadziwa. Ndinalemba imelo yofotokoza. Anayankha munthu wina, amene anandifunsanso funso lomwe lija. Kenako wachitatu. Masabata asanu anatha choncho, wogulitsa akuopseza kuti abwezeretsa nyumba pa msika. Chimene chinatipulumutsa ndi masitetimenti a miyezi 12 oonetsa £500 ikutuluka mwezi ndi mwezi, mndandanda wa gulu, ndi kalata ya msungichuma wathu, zimene munthu wozindikira akanandipempha tsiku loyamba.

Palinso china. Kampani yaikulu ikagwa m'mavuto, anthu ambirimbiri amagwa nayo nthawi imodzi. Mu November 2021 makompyuta a gulu la Simplify, limodzi mwa magulu aakulu pa ntchitoyi, analowedwa ndi akuba a pa intaneti, ndipo anthu ochuluka amene anali atamanga kale katundu anakhala masiku osalandira makiyi. Si kuti ofesi yaing'ono singakumane nazo, koma kukula pakokha si chitetezo.

Ofesi ya pakona

Ndikunena ofesi ya m'tauni mwanu, ya maloya atatu kapena khumi, imene mukhoza kulowamo ndi envulopu ya mapepala n'kukhala pansi. Mtengo wake umakwererapo ndi mapaundi mazana angapo. Chimene mukugula ndi munthu mmodzi wodziwika dzina, amene akudziwa khonsolo ya m'deralo, misewu imene imasefukira, ndi maloya a mbali inayo. Nkhani ikakakamira, amatha kunyamula foni n'kuimaliza m'mphindi khumi m'malo motumizirana makalata sabata ziwiri.

Koma musawatenge ngati angelo. Alipo a pakona ochedwa kuposa a pa intaneti: bambo mmodzi, sekilitale mmodzi, mafayilo mbwee pansi, ndipo akapita ku tchuthi mu August ntchito imaima. Ena amatseka 5 koloko ndendende, safuna za kusayina pa foni, zonse ndi positi. Ndiye funsani kuti iye akachoka amagwira ntchito yake ndani. Onaninso ngati ali ndi chizindikiro cha Conveyancing Quality Scheme cha Law Society. Si umboni woti ndi achangu, koma mabanki ena amachifuna kwa ma solicitor.

Pamenepa ndi pamene pali msampha waukulu wa maofesi aang'ono. Banki imene ikukupatsani ngongole nayo imafuna loya woiyimira, ndipo ili ndi mndandanda wa maloya amene imawavomereza, umene amati panel. Loya wanu akakhala pa mndandandawo, amayimira nonse awiri pa mtengo umodzi. Akapanda kukhalapo, banki imasankha wake, inu n'kulipira maloya awiri, ndipo pepala lililonse limadutsa m'manja muwiri. Loya wogwira yekha mabanki ena samulandira n'komwe. Kwa ife amene tili pa viza ya ntchito, tisanapate chilolezo chokhala mpaka kalekale, mabanki ovomera kutikongoza ndi ochepa kale, choncho simungasinthe banki chifukwa cha loya. Yambani mwadziwa banki, kenako funsani loyayo kuti, "Kodi muli pa panel ya banki yakuti?" Akachita chibwibwi, pitani kwina.

Amene ena akukulozerani

Ejenti akakupatsani loya, nthawi zambiri pamakhala kangachepe. Loyayo amamulipira ejenti pa kasitomala aliyense amene wamutumizira, ndipo ndalamayo ili mkati mwa bilu yanu. N'zololedwa, bola akuuzeni. Ine ndinadzazipeza pa tsamba lachinayi la kalata yoyamba imene loya ananditumizira, m'tizilembo ting'onoting'ono, nditasayina kale. Sikuti loya wotere ndi woipa nthawi zonse. Ena ndi abwino, ndipo ejenti amatha kuwakankha kuti afulumire. Koma kumbukirani kuti ejenti ndi wantchito wa wogulitsa, ndipo amalandira yake pokhapokha nyumba ikagulidwa. Inu mukufuna munthu amene angakuuzeni kuti, "Nyumba iyi isiyeni." Ejenti akakuuzani kuti mtengo wanu saupereka kwa mwini nyumba pokhapokha mutenge loya wawo kapena wowapezera ngongole wawo, akuphwanya lamulo; ayenera kupereka mtengo uliwonse umene walandira.

Makampani omanga nyumba zatsopano nawo ali ndi maloya awo, ndipo amakunyengererani ndi mphatso, mwina kukulipirirani gawo la bilu. Amafuna exchange ichitike m'masiku 28 mutasungitsa nyumba, choncho loya wozolowera mapepala a malo amenewo amathamangadi. Ine pamenepa ndimakayika kwambiri. Anthu ambiri amene anagula nyumba zatsopano za lizi zaka zapitazo, zokhala ndi lendi ya malo yowirikiza kawiri zaka khumi zilizonse, anagwiritsa ntchito maloya olozeredwa ndi omanga, ndipo ambiri anadzadandaula kuti sanamvetsetse chimene ankasayina. Lamulo la mu 2022 linathetsa lendi ya malo pa malizi atsopano, koma ndalama zolipira chaka ndi chaka zosamalira misewu ndi kapinga wa pamalopo zikadalipo, ndipo mukufuna wina woziwerenga ndi diso lanu.

Amene ndimamukhulupirirako pang'ono ndi broker wa ngongole, munthu wokupezerani banki yokukongozani, chifukwa amadziwa ma panel, ngakhale naye akhoza kukhala ndi kangachepe kake. Mufunseni mosabisa.

Za kudzichitira nokha sinditayapo nthawi. Lamulo limalola, koma pakakhala ngongole banki siingavomere, ndipo mukalakwitsa mulibe inshuwalansi yothawirako.

Nyumba ya kumudzi ija

Nkhani iyi ndiyo imasiyanitsa loya wotiyenera ndi wosatiyenera, ndipo anthu athu ambiri amaidziwa mochedwa. Msonkho wogulira nyumba ku England, Stamp Duty Land Tax, suyang'ana nyumba za ku UK zokha. Umayang'ana dziko lonse lapansi.

Tiyerekeze kuti mukugula nyumba ya £220,000. Pa malamulo amene anayamba pa 1 April 2025, munthu amene sanakhalepo ndi nyumba salipira kanthu mpaka £300,000, ndiye msonkho wake ndi ziro. Amene anakhalapo ndi nyumba koma pano alibe ina amalipira 2 peresenti pa ndalama yopitirira £125,000, yomwe ndi £1,900. Koma amene pa tsiku la makiyi ali ndi nyumba ina, kulikonse, imene gawo lake likukwana £40,000, nthawi zambiri amawonjezera 5 peresenti pa mtengo wonse: £11,000 kuphatikiza £1,900 ija, yonse £12,900. Nyumba imodzimodziyo, msonkho wa ziro, wa £1,900 kapena wa £12,900. Ndipo ngati simunakhale ku UK masiku 183 m'miyezi 12 yapitayo, palinso 2 peresenti ina pamwamba.

Tsono ndani mwa ife amene wakhala kuno zaka zisanu osamangako kanthu kwathu? Kuti muwerengedwe ngati wogula koyamba, simuyenera kukhala mutakhalapo ndi nyumba kulikonse, ngakhale ya cholowa, ngakhale gawo chabe, ndipo pamenepa malire a £40,000 aja sagwira ntchito. Mukamagula awiri, nonse mukhale otero. Pa msonkho wowonjezera uja, mwamuna ndi mkazi okwatirana amawerengedwa ngati munthu mmodzi: nyumba ya mkazi ku Chilomoni ikhoza kukweza msonkho wa mwamuna ngakhale akugula m'dzina lake yekha. Nyumba zambiri za kumudzi sizifika £40,000, koma ya ku Area 47, Namiwawa kapena Nyambadwe imapitirira mosavuta, ndipo mudzafunika kalata ya wopima mtengo wa nyumba wovomerezeka kwathu. Lifetime ISA, akaunti ija imene boma limawonjezerapo 25 peresenti pa ndalama zofika £4,000 pachaka, ilinso ndi lamulo lomwelo: mukakhala kuti munakhalapo ndi nyumba kunja, simungaigwiritse ntchito pogulira nyumba popanda kudulidwa.

Mlongo wina wa kutchalitchi kwathu anachonga bokosi la wogula koyamba ndi mtima woyera. M'maganizo mwake funsolo linali la ku UK. Nyumba imene bambo ake anawasiyira iye ndi azichimwene ake ku Zomba sanaiganizire n'komwe. Fomu ya pa intaneti sinamufunse kawiri. Zinadzatulukira sabata imodzi exchange isanachitike, atatchula yekha m'macheza a pa foni, ndipo anayamba kuthamanga uku ndi uku kufuna ndalama imene sanaikonzekere. Zinamuyendera bwino kuti zinadziwika nthawi isanathe, chifukwa fomu ya msonkho ndi yanu, ndipo a HMRC, ofesi ya boma yotolera misonkho, akadzapeza cholakwa amatsata inu, osati loya.

Nanga poloti yopanda nyumba? Nanga nyumba ya pa malo a amfumu yopanda lizi, kapena imene munamanga ndi ndalama zanu koma ili m'dzina la amayi anu? Mayankho ake amasiyana, ndipo amadalira mapepala. Maloya ambiri a nyumba amalemba m'kalata yawo kuti sapereka uphungu wa misonkho. Wabwino amakufunsani mafunso, n'kukuuzani ngati pakufunika katswiri wa misonkho. Woipa amangotenga chimene mwachonga. Safunsa anadya phula, koma apa onse awiri, inu ndi loya, muyenera kufunsa.

A ku Wales msonkho wanu ndi Land Transaction Tax. Ulibe chifundo chapadera kwa wogula koyamba, koma nyumba yokhalamo yosapitirira £225,000 silipira, ndipo nawonso uli ndi mitengo yokwera kwa amene ali ndi nyumba ina.

Ndalama zochokera kwathu

Malamulo a mu 2017 olimbana ndi kubisa ndalama zakuba amakakamiza loya aliyense kufufuza gwero la dipoziti. Musakwiye nazo, si tsankho, aliyense amafunsidwa. Kungoti ndalama zathu zimayenda njira zimene fomu siidziwa. Munagulitsa poloti ku Lilongwe, wogula anapereka makwacha kwa mchimwene wanu, ndipo chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki a kwathu, munasinthana ndi mnzanu wa kuno amene ankafuna makwacha kumudzi: iye anakuikirani mapaundi, mchimwene wanu anapatsa makwacha abale ake. Tonse tikuidziwa njira imeneyi. Kwa loya, ndi ndalama yochokera kwa mlendo yopanda chifukwa, ndipo ambiri amaikana. Ngati mukuganiza zogula chaka chamawa, ndalama iliyonse ya dipoziti idutse ku banki kapena ku kampani yovomerezeka yotumiza ndalama, ndipo sungani kalata yogulitsira malo, malisiti ndi masitetimenti a mbali zonse ziwiri.

Mphatso ya makolo kapena mbale imafuna kalata yosayina yoti si ngongole, chiphaso cha wopereka, ndi umboni wa kumene iye anaipeza. Mabanki ena savomera mphatso yochokera kunja kapena kwa munthu amene si mbale wapafupi. Pa chipereganyu, ngati munalandira koyambirira, ndalama zimene mudakaperekabe banki ikhoza kuziona ngati ngongole. Zonsezi muuzeni loya musanamulembe ntchito, ndipo mumve mmene akuyankhira. Makampani ena amakana poyera mafayilo a ndalama zochokera kunja, ndipo kukanidwa tsiku loyamba n'kwabwino kuposa mwezi wachitatu.

Mukamagula awiri, loya adzakufunsani ngati mukufuna kukhala joint tenants kapena tenants in common. Njira yoyamba, mmodzi akamwalira nyumba yonse imapita kwa wotsala, wilo inene zimene inganene, achibale a kumudzi anene zimene anganene. Njira yachiwiri, aliyense ali ndi gawo lake, lolembedwa, limene limapita kwa amene wamutchula mu wilo. Kwa amene muli ndi ana a banja loyamba kwathu, kapena mukugula ndi mchemwali wanu amene waika ndalama zambiri kuposa inu, bokosi limeneli si lochonga mothamanga pa foni muli m'basi. Apa theka la ola pa mpando wa loya wa pakona limabweza ndalama yake.

Kuwerenga kotesheni

Kuyambira December 2018, makampani oyang'aniridwa ndi SRA amakakamizidwa kuika mitengo ya ntchitoyi pa webusayiti, ndipo a CLC ali ndi lamulo lofanana. Komabe nambala yaikulu ya pamwamba ija imanama. Tiyerekeze makotesheni awiri. Yoyamba ikuti £595. Pansi pake: £150 poyimira banki, £95 yolembera fomu ya msonkho, £40 yofufuza ziphaso za anthu awiri, £100 ya mphatso, £50 ya Lifetime ISA, £40 yotumizira ndalama. Yafika £1,070, ndipo ndi VAT ya 20 peresenti ndi £1,284. Yachiwiri ikuti £1,050 zonse pamodzi, ndi VAT £1,260. Yotchipa ija yadula.

Pali ndalama zina zimene loya amangokuperekerani, ndipo sizisiyana kwenikweni kulikonse: ma search, mapaundi mazana angapo malinga ndi khonsolo, £150 ya ku Land Registry pa nyumba ya pakati pa £200,001 ndi £500,000 imene ili kale m'kaundula, akatumiza pa intaneti, £7 pa kope la kaundula. Mukaona kuti mu gulu limeneli mwalowa zinthu monga kusunga fayilo kapena kujambula mapepala, imeneyo ndi phindu lawo lovala chipewa. Lonjezo loti kugula kukalephereka simulipira nalonso liwerengeni: ndalama za ma search sizibwera, ndipo ena amafuna kuti nyumba yotsatira mudzagwiritsenso iwo ntchito.

Flat pafupifupi iliyonse ndi ya lizi, ndipo ntchito yake ndi yochuluka, choncho onse amawonjezera. Loya ayenera kukuuzani zaka zimene zatsala pa liziyo, chifukwa zikamayandikira 80 mabanki amayamba kukoka mapazi. Chichitikireni moto wa ku Grenfell Tower mu 2017, nyumba zosanja zopitirira mamita 11 kapena nsanjika zisanu zili pansi pa Building Safety Act ya mu 2022, ndipo maloya ena safuna n'komwe kuzigwira. Funsani msanga.

Ngati mukugulitsa

Wogulitsa ntchito yake ndi yopepuka, ndipo apa kampani ya pa intaneti ikhoza kukwanira ngati nyumbayo si ya lizi. Sankhani loya tsiku limene nyumba ikulowa pa msika, osadikira wogula, kuti mafomu a TA6, yofotokoza za nyumbayo, ndi TA10, ya katundu wotsala m'nyumbamo, akhale okonzeka. Pa TA6 nenani zoona: mkangano ndi neba, madzi amene analowa m'khitchini, mawindo osinthidwa popanda satifiketi. Mukabisa, wogula akhoza kukusumirani nyumba itapita kale. Pa flat, mapepala ochokera kwa oyang'anira nyumba mumalipira ndinu ndipo amachedwa, aitanitseni msanga. Mukamagulitsa ndi kugula nthawi imodzi, loya akhale mmodzi, poti ndalama za uku ndi zimene zikulipira uko tsiku lomwelo.

Amene munabwerera kale kwathu n'kusiya nyumba kuno, funsani ngati loyayo angathe kutsimikiza chiphaso chanu ndi kusayinitsa mapepala muli ku Malawi. Si onse amavomera. Ndipo munthu wokhala kunja akagulitsa nyumba ya ku UK ayenera kudziwitsa a HMRC m'masiku 60, ngakhale palibe msonkho wolipira.

Kaya mwasankha uti, fufuzani dzina la kampani m'kaundula wa SRA kapena wa CLC, chifukwa akuba amatsegula mawebusayiti otengera makampani enieni. Imelo ikabwera, makamaka Lachisanu masana, yonena kuti nambala ya akaunti yasintha, musatumize ngakhale paundi imodzi. Imbani pa nambala ya pa kalata yoyamba ija. Zikavuta ndi loya wanu, dandaulani kwa kampaniyo polemba. Ili ndi masabata asanu ndi atatu oti iyankhe, ndipo mukapanda kukhutira muli ndi miyezi isanu ndi umodzi yokafika kwa Legal Ombudsman. Kusintha loya pakati pa ulendo n'kotheka, kungoti mumalipira ntchito imene wagwira kale.

Patapita zaka, titafuna nyumba yokulirapo, ndinaimba maofesi anayi tisanayambe n'kuona nyumba komwe. Aliyense ndinamuuza zinthu zitatu: banki yanga ndi yakuti, gawo la dipoziti ndi la chipereganyu, ndipo akazi anga ali ndi gawo pa nyumba ya makolo ku Blantyre. Woyamba anati nditumize imelo. Wachiwiri anati zonse zili bwino, asanamve n'komwe mpaka kumapeto, ndipo ameneyo ndi amene anandiopsa kwambiri. Wachitatu anati ndalama za magulu satenga. Wachinayi anali mayi wachikulire, licensed conveyancer, mu ofesi ya pamwamba pa shopu ya makapeti. Nditafotokoza chipereganyu, anaseka n'kunena kuti makasitomala ake a ku Jamaica amati pardner, a ku Pakistan amati kameti. Kenako anatenga cholembera n'kundifunsa kuti m'gulu mwathu tilimo angati, ine ndinalandira mwezi uti, ndipo nyumba ya ku Blantyre ija ili m'maina a anthu angati. Kotesheni yake inali yokwera ndi £180 kuposa ena onse, ndipo ndinasayina Lolemba lotsatira.